Ndani akulipirira juga ya pa foni?

Juga si yachilendo kuno kwathu. Kuyambira kale amuna ena ankabisala kuseri kwa msika n'kumaponya makadi, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti uje ndi wajuga, osamusungitsa ndalama ya maliro. Koma juga imeneyo inali ndi malo ake, nthawi yake ndiponso manyazi ake. Munthu ankayenera kunyamuka kukasaka anzake, ndipo mdima ukagwa kapena apolisi akatulukira, masewera ankathera pompo. Imene yatipeza lero ilibe malo, ilibenso nthawi yotsekera. Ili m'thumba, pa foni yomweyo imene timalandirirapo malipiro, kutumizirapo fizi ya mwana ndi kugulirapo mayunitsi a magetsi.

Nthawi zambiri tikamakamba nkhaniyi timathamangira kudzudzula obetchawo. Timati achinyamata a masiku ano ndi aulesi, akufuna kukolola posalima. Ine sindikugwirizana nako kulongosola kumeneku. Chimene chachulutsa anthu pa masamba a juga si kusintha kwa mtima wa munthu ayi, koma kusintha kwa malondawo. Apangidwa kuti akhale pafupi, otchipa, othamanga komanso osatha. Ndipo tikayang'anitsitsa kumene phindu la makampaniwa limachokera, tipeza kuti silichokera kwa khwimbi la anthu oponya K500 Loweruka n'kuiwala. Gawo lalikulu limachokera kwa anthu ochepa amene jugayo yawavulaza kale ndipo akulephera kuisiya.

Mphepoyi ikuwomba dziko lonse lapansi. Ku United States, khoti lalikulu linachotsa mu May 2018 lamulo lomwe linkatsekereza maboma a m'zigawo kuloleza kubetcha pa masewera, ndipo m'zaka zochepa chabe zigawo zoposa 30 zinali zitatsegula khomo. Ku Brazil, banki yaikulu ya dzikolo inapeza kuti m'mwezi wa August 2024 wokha, anthu pafupifupi 5 miliyoni a m'mabanja olandira thandizo la boma la Bolsa Família anatumiza ndalama pafupifupi 3 biliyoni za dzikolo ku makampani obetcha. Imeneyo ndi ndalama yofanana ndi mtukulapakhomo wathu, yoperekedwa kuti ana adye. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, bungwe la National Gambling Board linalengeza kuti m'chaka cha boma cha 2023/24 anthu anabetcha ndalama zokwana R1.1 thililiyoni, ndipo makampani anatsala ndi R59 biliyoni. Mu 2024 ligi yaikulu ya mpira kumeneko inayamba kutchedwa Betway Premiership, kutengera dzina la kampani yobetcha ya Betway. Mu October 2024, gulu la akatswiri lomwe magazini ya zaumoyo ya The Lancet Public Health inasonkhanitsa linati pofika 2028, anthu padziko lonse azidzaluza pafupifupi madola 700 biliyoni pa chaka ku juga.

Kuno ku Africa, zinthu zitatu zinakumana pamphambano: foni ya m'manja, ndalama ya pa foni ndi mpira wa ku Ulaya. Dziko la Kenya ndilo linayamba kuonetsa zimene zimachitika zitatuzi zikagwirana. M-Pesa, ndalama ya pa foni ya kumeneko, inalipo kale kuyambira 2007, ndiye kampani yobetcha ya SportPesa itabwera sinafunike kumanga maofesi m'mudzi uliwonse; aliyense anali kale ndi njira yotumizira ndalama. Inalemera mofulumira moti pofika 2017 dzina lake linali pachifuwa cha jezi ya Everton ku England. Ganizirani bwino zimenezi. Ndalama za anyamata a kabaza wa njinga zamoto a ku Nairobi ndi Kisumu zinkalipira timu ya mumzinda wa Liverpool. Chaka chomwecho kafukufuku wa GeoPoll anapeza kuti achinyamata 76 pa 100 alionse omwe anafunsidwa ku Kenya anali atabetchapo.

Ife tinatsatira njira yomweyo mochedwerapo pang'ono. Premier Bet inatsegula m'Malawi mu 2015, ndipo poyamba juga yatsopanoyi inkaoneka ndi maso: mashopu m'matauni, maajenti okhala ndi kamakina kosindikiza matikiti pafupi ndi depoti kapena msika, anyamata atazinga pepala la masewera a sabatayo. Kenako zonse zinasamukira pa foni. Airtel Money ndi TNM Mpamba, zomwe zatithandiza kwambiri pa zinthu zina, zinachotsa mtunda womwe unali pakati pa thumba la munthu ndi kampani yobetcha. Makampani enanso analowa. Lero munthu wa kwa Nsundwe kapena ku Chitipa safunika kukwera minibasi kuti akabetche, ndipo mkazi wake kapena mayi ake sangaone tikiti m'thumba la buluku pochapa.

Kusintha kwachiwiri ndi kumene ambiri sitikukuganizira mokwanira. Juga ya pa foni inalowa kudzera mu mpira, koma sikukhalanso mu mpira mokha. Tikiti ya mpira, ngakhale ili ndi zovuta zake, imakakamiza munthu kudikira. Wabetcha Lachisanu, uyembekezere Arsenal isewere Loweruka, Barcelona Lamulungu. Pakati pamenepo mtima umazizira, umagona, umaonana ndi anthu. Masewera a kandege anachotsa kudikirako. Masewerawa, omwe dzina lake lenileni ndi Aviator, anatulutsidwa ndi kampani ya Spribe mu 2019. Kandege kamanyamuka, nambala yochulukitsira ndalama yako imakwera, ndipo uyenera kutapa ndalamayo kasanathawe. Zonsezi zimatenga timphindi tochepa, kenako kena kamanyamuka, usana ndi usiku. Palibe timu yoti uiwerenge, palibe wosewera wovulala woti umuganizire. Chimene chimakola munthu n'chakuti batani amadina yekha, ndiye akaluza amaona ngati vuto linali chala chake: ndikanatapa msanga, ndikanadikira pang'ono. Amabwereranso kukakonza cholakwa chomwe sichinali cholakwa, chifukwa pamene kandege kathawire sipatengera luso la wosewera.

Eni masewerawa sabisa masamu ake. Amanena poyera kuti pa ndalama zonse zobetchedwa, 97 pa 100 zimabwerera kwa osewera. Zikumveka ngati kampani ikutenga zochepa, K30 yokha pa K1,000. Koma K30 imeneyo imadulidwa ulendo uliwonse, ndipo maulendo ndi ambiri. Tiyerekeze munthu akuponya K1,000 ulendo uliwonse, maulendo 100 usiku umodzi, akubwezamo zomwe wawina. Wazunguza K100,000, ndipo mwa masamu ake ayembekezere kutsala wopanda K3,000. Achite zimenezo mwezi wathunthu, K90,000 yapita, osaona n'komwe tsiku limene anaitaya, chifukwa masiku ena amagona atawina. N'chifukwa chake ku South Africa ndalama zobetchedwa zikufika thililiyoni: ndi ndalama yomweyo yozungulira kambirimbiri, ikunyenyeka pang'onopang'ono mpaka kutha.

Tikiti ya mpira yodzaza matimu nayonso ili ndi msampha wake. Tiyerekeze kuti pa masewera alionse kampani imadzisungira 5 pa 100. Ukaphatikiza masewera 10 pa tikiti imodzi, gawo la kampani limaunjikana mpaka kufika pafupifupi 40 pa 100. Tikiti yomwe imalonjeza mamiliyoni pa K200, yomwe ndi imene munthu wosauka amaikonda, ndiyo yodula kwambiri kuposa zonse. Mawu akuti "timu imodzi yokha ndi imene yandiphera tikiti" timawamva Lolemba lililonse, ndipo owanenawo amawatenga ngati umboni woti anatsala pang'ono. Kwenikweni umu ndi mmene tikiti yoteroyo imathera kawirikawiri, ndipo kumva kuti unatsala pang'onoko ndi kumene kumakubwezera Loweruka lotsatira.

Tsono amene akubetcha ndani? Kulikonse kumene kafukufuku wachitika, amuna achinyamata ndiwo ali patsogolo. Kwa ife zimenezi n'zolemera kwambiri, chifukwa kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pafupifupi theka la Amalawi linali losakwana zaka 18. Chaka chilichonse achinyamata miyandamiyanda amamaliza Fomu 4 ndi makoleji n'kupeza kuti ntchito kulibe. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mnyamata wa kabaza akaona kuti ndalama ya tsiku lonse sikukwana ufa, ndiwo ndi lendi, K500 imene yatsala m'manja imaoneka yopanda ntchito. Singagule njerwa, singayambitse geni. Chokhacho chimene ingagule ndi mwayi. Akatswiri a University of Glasgow ndi bungwe lofufuza zaumoyo m'Malawi la MEIRU atacheza ndi amuna obetcha mumzinda wa Lilongwe, pa kafukufuku yemwe anatuluka mu 2020, anapeza kuti ambiri ankaona kubetcha ngati njira yopezera ndalama, ndipo ndalama zina zobetcherazo zinkachotsedwa pa zofunika za pakhomo. Apa ndi pamene pagona kusiyana kwathu ndi mayiko olemera. Makampani amati akugulitsa zosangalatsa, koma wogula wa kuno akugula chiyembekezo cha chakudya.

Komabe tisadzinamize kuti ndi anyamata osowa ntchito okha. Foni yalowetsa anthu omwe sakanaponda pakhomo la shopu yobetchera: mphunzitsi amene akuopa kuonedwa ndi ana a sukulu, mkulu wa mpingo, wogwira ntchito m'boma yemwe malipiro ake amatha lisanafike tsiku la 10, mayi wosunga bokosi la banki m'khonde amene akudziuza kuti angobwereka pang'ono abweza mawa. Amayi sankaloledwa ndi chikhalidwe kukhala pabwalo la makadi, koma kandege safunsa kuti ndiwe ndani, ndipo sufunika kudziwa mpira kuti ukasewere. Palinso ana. Lamulo likuti wosakwana zaka 18 asabetche, koma mwana wa zaka 15 atagwira foni ya amalume ake, yolembetsedwa m'dzina la amalumewo, kampani imaona munthu wamkulu.

Manambala a akatswiri a Lancet aja akuonetsa kuti mtundu wa masewera ndi msinkhu wa munthu zimasintha kwambiri kukula kwa ngozi. Mwa akuluakulu obetcha pa masewera ngati mpira, pafupifupi 9 pa 100 amafika pa vuto lenileni la juga. Mwa osewera masewera a kasino pa intaneti, chiwerengerocho chimakwera kufika pafupifupi 16 pa 100. Kwa ana osakwana msinkhu osewera masewera a kasino omwewo, ndi 26 pa 100, kutanthauza mmodzi mwa anayi alionse. Ndiye makampani akamakokera makasitomala awo kuchoka ku mpira kupita ku masewera othamangawa, akuwasamutsira dala kumene ngozi ndi yaikulu, chifukwa ndi kumenenso ndalama imazungulira msanga.

Ndipo ndalamayo imachokera kwa ochepa. Komiti ya House of Lords, mbali imodzi ya Nyumba ya Malamulo ku Britain, inanena mu 2020 kuti 60 pa 100 ya phindu la makampani a juga imachokera kwa makasitomala 5 pa 100 okha, omwe ali kale pa vuto kapena ali pafupi kugweramo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likunenanso zofanana: pafupifupi 60 pa 100 ya ndalama zoluzidwa imachokera kwa anthu obetcha mofika podzivulaza, ndipo munthu mmodzi wotere amavutitsa anthu ena pafupifupi asanu ndi mmodzi omuzungulira. Kuno kwathu, kumene malipiro amodzi amadyetsa banja, makolo kumudzi ndi ana amasiye a mlongo, ndikukhulupirira kuti okhudzidwawo ndi ochuluka kuposa pamenepo. Mfundo imeneyi ndi imene imandichititsa kukayikira mawu akuti "betchani mosamala" omwe amanenedwa mothamanga kumapeto kwa malonda. Anthu onse atabetchadi mosamala, makampaniwa angataye gawo lalikulu la phindu lawo. Sizingatheke kuti wodyera pa kusasamala kwa anthu akhale yekha mlonda wa kusamala kwawo.

Ndikudziwa zimene ena ayankhe, ndipo zina mwa izo n'zomveka. Makampaniwa alemba ntchito achinyamata ambiri, amalipira misonkho, amathandiza matimu a mpira ndi mawayilesi omwe akuvutika kupeza otsatsa malonda. Munthu wamkulu ali ndi ufulu wochita ndi ndalama yake zimene akufuna, ndipo alipo ambiri amene amabetcha pang'ono kwa zaka osavulala. Alipo amene anawinadi n'kumanga nyumba. Kuletseratu nakonso kuli ndi ngozi yake: masamba a kunja opanda chiphaso saona malire a dziko, ndipo amene wabedwa kumeneko alibe kokadandaula. Dziko la India linasankha njira yoletseratu masewera a ndalama pa intaneti mu August 2025, koma ine sindikuitanira zimenezo kuno.

Chimene ndikukana ndi kuwerengera mbali imodzi yokha. Msonkho umaoneka m'mabuku a boma, koma fizi yosalipidwa, feteleza wosagulidwa, ngongole ya katapila ndi banja lopasuka sizilembedwa paliponse. Juga sipanga chuma chatsopano. Imasuntha ndalama kuchoka m'matumba ambiri kupita m'matumba ochepa, ndipo pamene eni kampani kapena eni masewera ali kunja, gawo lina limatuluka m'dziko lomwe likusowa kale ndalama zakunja zogulira mafuta ndi mankhwala. K500 ikanapita kwa mayi wogulitsa tomato ikanazungulira pamsika pomwepo.

Tinakumanapo kale ndi vuto lofanana ndi ili. Mowa woyera unalipo kuyambira kale, koma utaikidwa m'masacheti otchipa olowa m'thumba la yunifomu, unafika kwa ana a sukulu ndi anyamata a pa siteji m'mawa kusanatenthe. Boma silinaletse mowa, ndipo silinakhutire ndi kuuza anthu kuti amwe mosamala. Linaletsa kapakidwe kamene kanachititsa kuti mowawo ufike paliponse. Juga ya pa foni ikufunika kuganiziridwa motero: tiyang'ane kapangidwe ka malondawo, osati khalidwe la wogula lokha.

Mayiko amene anayamba kale kulawa ululuwu akuchita zomwezo. Britain inaletsa kubetcha ndi makadi a ngongole mu April 2020. Mu 2025 inaika malire pa masewera a makina a pa intaneti: £5 ulendo umodzi kwa a zaka 25 kupita m'tsogolo, £2 kwa a zaka 18 mpaka 24. Ili ndi kaundula wotchedwa Gamstop, momwe munthu amalembetsa kamodzi kuti atsekeredwe pa masamba onse a chiphaso nthawi imodzi. Matimu a Premier League, omwe ife timawatsatira kuposa athu omwe, anagwirizana mu 2023 kuti nyengo ya 2025/26 ikatha achotse mayina a makampani a juga pachifuwa cha majezi awo. Ngati kumene kuli zipatala zokwanira ndi ndalama zothandizira osowa ntchito aona kuti m'pofunika kumanga mipanda yotere, nanga ife?

Zida zina tili nazo kale. Lamulo la 2022 linakhazikitsa bungwe la MAGLA kuti liziyang'anira juga ndi malotale onse. Tili ndi chiphaso cha unzika, ndipo nambala ya foni iliyonse imalembetsedwa ndi chiphasocho. Choncho n'zotheka kuti munthu amene wadzitsekera pa kampani imodzi atsekeredwe pa onse, osati kungosamukira pa tsamba lina mphindi yomweyo. N'zotheka kukakamiza kuti aliyense potsegula akaunti aike malire a ndalama zimene angalowetse pa mwezi, ndipo kukweza malirewo kuzitenga masiku angapo. N'zotheka kuchepetsa liwiro la masewera ngati kandege ndi kuika mpumulo wokakamiza munthu akasewera nthawi yaitali. Makampani a ndalama za pa foni nawonso ali ndi gawo: apereke batani loti mwini nambala atseke yekha kutumiza ndalama ku juga, monga amachitira mabanki ena ku Britain, ndipo ngongole za pa foni zisamaloledwe kupita kobetchera.

Pa kutsatsa malonda, kuyang'ana wayilesi ndi kanema kokha sikukwanira, chifukwa malondawo anasamukira kumene kuli anthu. Ali mu uthenga wa pa foni wolonjeza bonasi kwa munthu amene wakhala sabata osabetcha, yemwe mwina akuyesetsa kusiya. Ali pa Facebook ndi TikTok, m'kamwa mwa oimba ndi anthabwala omwe achinyamata amawakhulupirira. Ali m'magulu a WhatsApp momwe anthu ena amagulitsa "masewera otsimikizika" ndi timapulogalamu tonamizira kulosera pamene kandege kathawire, zomwe ndi kuba kwachiwiri pamwamba pa kuluza koyamba. Chithunzi cha wowina atanyamula cheke chachikulu chiyenera kuyendera limodzi ndi chiwerengero cha matikiti omwe anafa sabata yomweyo. Ndipo gawo la ndalama za msonkho wa juga lipite mwachindunji ku chithandizo cha omwe akodwa. Malo ngati St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe kapena chipatala cha Zomba Mental sangafikire dziko lonse. Anamwino ndi alangizi a m'zipatala za m'maboma akufunika kuphunzitsidwa kufunsa za juga monga amafunsira za mowa ndi chamba.

Choyamba pa zonsezi ndi chosavuta, chifukwa juga ya pa intaneti imasunga mbiri ya chilichonse. Kampani iliyonse ikudziwa zaka za kasitomala wake, boma limene ali, ola limene amasewera, kuchuluka kwa zimene waluza mwezi uno, ndiponso ngati amathira ndalama kambirimbiri usiku umodzi pothamangitsa zomwe zapita. Pakali pano nzeru zimenezi zikugwira ntchito yosankha woti atumiziridwe bonasi. MAGLA ilamule kuti chaka chilichonse makampani onse a chiphaso azipereka manambalawa, popanda mayina a anthu, ndipo azisindikizidwa poyera: obetcha ndi angati, a misinkhu iti, amuna angati ndi akazi angati, ndalama zingati zikupita ku mpira ndi zingati ku masewera othamanga, ndiponso ndi gawo lanji la phindu limene likuchokera kwa makasitomala 5 pa 100 oluza kwambiri. Aphungu a Nyumba ya Malamulo afunse manambala amenewa asanavomerezenso bajeti ina yowerengera msonkho wa juga ngati phindu la dziko.